KODI WACINYAMATA WACIKRISTU ANGAPHUNZIRE GULE WA SALSA?

Funso ili lafika m'magulu athu, ndipo silidzacoka cifukwa cakuti talikwinyira nkhope. Masiku ano m'mizinda ikulu-ikulu muli malo ophunzitsirako gule wochedwa salsa, ndipo amene ali kutali ndi malo otere amamuonera pa foni. Ena mwa inu mwaona mnyamata ndi mtsikana atagwirana manja, akuzungulira ngati nguli, mapazi ao akugwa pamodzi, ndipo mtima wanu walakalaka kudziwa zimenezo. Pomwepo mau ena m'kati mwanu afunsa kuti, "Kodi si chimo?"

Nkhaniyi ikabuka pa msonkhano anthu amagawikana msanga. Ena amati gule aliyense wogwirana mwamuna ndi mkazi ndi khomo la dama, basi nkhani yatha. Ena amati ndi masewera olimbitsa thupi monga mpira, ndipo amene akuonapo coipa ndiye ali ndi maganizo oipa. Mayankho onse awiri ndi acidule kwambiri. Loyamba limakankhira acinyamata kukacita mobisa cinthu cimene anakanizidwa popanda kufotokozeredwa. Laciwiri limawapatsa khala la moto ndi kuwauza kuti siliocha. Tiyeni tiyende nalo pang'ono-pang'ono funsoli, pakuti safunsa anadya phula.

Kodi salsa inacokera kuti?

Liu lakuti salsa m'Cisipanishi litanthauza msuzi. Dzinali ndi loyenera, pakuti nyimbo zake ndi zosakaniza monga msuzi wa matimati, anyezi ndi tsabola. Muzu wake waukulu uli pa cisumbu ca Cuba. Kwa zaka zoposa 300 akapolo ocokera ku Africa, ambiri a iwo Ayoruba ndi anthu a ku dera la Congo, anali kutengedwa kukalima nzimbe kumeneko, ndipo ukapolo unathetsedwa m'Cuba m'caka ca 1886. Anthuwa analandidwa zonse, koma kalizidwe ka ng'oma anaoloka nako nyanja m'mitu mwao. Kum'mawa kwa Cuba kalizidwe kameneka kanakumana ndi magitala ndi maimbidwe a anthu a ku Spain, ndipo panabadwa nyimbo zochedwa son. Msana wa nyimbozi ndi timitengo tiwiri tolimba, tochedwa clave, timene amatigundanitsa kasanu: katatu kenako kawiri, kapena kawiri kenako katatu. Mumakhalanso cigawo cimene mmodzi amatsogola ndipo gulu limavomera, monga momwe timacitira m'kwaya.

Anthu a ku Cuba ndi ku Puerto Rico amene anapita kukafuna nchito ku New York anatenga nyimbozi. M'zaka za m'ma 1950 anali kuvina mambo m'holo yochuka ya Palladium. M'caka ca 1964 woimba wina wa ku Dominican Republic, Johnny Pacheco, pamodzi ndi loya Jerry Masucci, anayambitsa kampani yojambula nyimbo ya Fania, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kampaniyi inafalitsa dzina lakuti salsa pa dziko lonse kupyolera mwa oimba monga Celia Cruz, Willie Colón, Héctor Lavoe ndi Rubén Blades.

Nyimbo za ku Cuba zinabwereranso ku Africa. Kuyambira mu 1933 malekodi a nyimbo zimenezi, odziwika ndi malemba akuti G.V., anali kugulitsidwa m'maiko a Africa, ndipo ku Congo anthu anawakonda kwambiri. Oimba monga Joseph Kabasele, amene anayambitsa gulu la African Jazz mu 1953, ndi Franco wa gulu la OK Jazz, limene linayamba mu 1956, anatenga kalizidweko nakaphika ndi zokometsera zao. Umo ndi mmene inakulira rumba ya ku Congo, imene tonse taimva pa maukwati ndi m'mabasi. Mu September 1974 Celia Cruz ndi gulu la Fania All-Stars anakaimba ku Kinshasa pa cikondwerero cimene cinakonzedwa cifukwa ca nkhonya za Muhammad Ali ndi George Foreman.

Motero amene akana salsa pa cifukwa cakuti ndi "gule wa azungu" akukana mdzukulu wa ng'oma za mu Africa, ndiponso msuweni wa rumba imene azakhali athu amavina pa ukwati. Komabe tisathamange. Kucokera ku Africa sikuyeretsa cinthu, monganso kucokera kunja sikucidetsa. Tiyenera kuona zimene zimacitika pa bwalo.

Kavinidwe kake

Wophunzira amayamba ndi kuwerenga kufika pa 8. Amaponda pa 1, 2, 3, apuma pa 4, apondanso pa 5, 6, 7, apuma pa 8. Ovina ndi awiri: wotsogolera, amene kawiri-kawiri ndi mwamuna, ndi wotsatira. Wotsogolera akapita kutsogolo ndi phazi lamanzere, wotsatira abwerera kumbuyo ndi lamanja. Dzanja lamanja la wotsogolera limakhala pamsana pa mnzake, pamwamba pafupi ndi phewa, ndipo lamanzere limagwira dzanja la mnzakeyo. Salankhula pakamwa. Kukweza dzanja pang'ono kutanthauza "zungulira," kulimbitsa mkono kutanthauza "ima." Nyimbo ikatha amathokozana, ndipo aliyense amapita kukavina ndi munthu wina. Palinso mtundu wina wa ku Havana, wochedwa rueda de casino, mmene awiri-awiri ambiri amapanga bwalo, mmodzi akuitana zocita, ndipo amasinthana anzao ovina nao mphindi iliyonse.

Zabwino zake n'zoonekeratu. Thupi limatuluka thukuta, ndipo a World Health Organization amalangiza kuti munthu wamkulu azicita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosacepera 150 pa mlungu. Wamanyazi amaphunzira kuyang'ana anthu kumaso. Wopupuluma amaphunzira kumvetsera nyimbo ndi kudikira. Koma funso lathu silili pa thukuta. Lili pa manja ogwirana aja.

Kodi Baibulo likutiuzanji za kuvina?

M'Baibulo muli magule osiyana-siyana. Pa Eksodo 15 Miriamu anatsogolera akazi kuvina ndi malingaka ataoloka Nyanja Yofiira. Pa 2 Samueli 6 Davide anavina ndi mphamvu zake zonse pamene likasa linali kulowa m'Yerusalemu, ndipo Mikala amene anamunyoza ndiye anadzudzulidwa. Pa Luka 15, m'fanizo la mwana wolowerera, mwana wamkulu pocokera kumunda anamva kuimba ndi kuvina m'nyumba ya atate wake. Koma pa Eksodo 32 Mose anapeza anthu akuvinira fano la mwana wa ng'ombe, ndipo pa Marko 6 kuvina kwa mwana wamkazi wa Herodiya kunathera pa kudulidwa mutu kwa Yohane Mbatizi. Miyendo ndi imodzi-modzi, koma mitima ndi zolinga zinasiyana.

Apa tikhale oona mtima mbali zonse ziwiri. Amene amati kuvina konse ndi chimo sangaime pa malemba amenewa. Koma amene amati, "Davide anavina, nanenso ndivina salsa," naonso akudumpha mtsinje pamalo potakata. Davide sanali atagwira mwana wamkazi wa mwini pamsana. Malembawa akutiuza kuti kuvina pakokha si chimo, koma satimasula ku nchito yoganizira za kugwirana.

Pamene pagona nkhani

Magule ambiri amene tinakula nao amalekanitsa amuna ndi akazi. Cimtali ndi citelele ndi za amai ndi atsikana. Pa ngoma ya Angoni, monga timaonera pa Nc'wala ku Mtenguleni, amuna amaponda ndi zishango zao, amai akuomba m'manja ndi kuimba. Ncifukwa cake makolo athu akaona mnyamata atagwira mtsikana amene si mkazi wake, mtima wao umadumpha. Musawaseke ngati anthu osadziwa zinthu. Iwo akudziwa coonadi cimene ife timakonda kucibisa: kukhudzana kwa mwamuna ndi mkazi kuli ndi mphamvu, ndipo thupi silifunsa kaye ngati munthu anabatizidwa.

Tsono cimene ndifuna muciganizire ndi ici. Pa salsa, munthu wina amakubwerekani thupi lake kwa mphindi zinai kapena zisanu. Mtsikana amene walola kuti mumuzungulitse wakukhulupirirani kuti simudzamupotola mkono, simudzamugwetsa, ndipo dzanja lanu lidzakhala pamalo pamene linayenera kukhala. Mnyamata amene wakupemphani kuvina waika ulemu wake m'manja mwanu pamaso pa anthu. Ubwino kapena kuipa kwa gule ameneyu kwagona pa zimene mudzacita ndi cikhulupiriro cimeneco. Cinthu cobwereka cimabwezedwa cili bwino.

Akaphunzitsidwa bwino, gule ameneyu amaphunzitsa mnyamata zinthu zimene ambiri a ife sitinaphunzitsidwe kwina kulikonse. Amaphunzira kupempha asanagwire. Amaphunzira kumva liu lakuti "iai" ndi kucoka mwaulemu, popanda kukwiya kapena kutukwana. Amaphunzira kuti kutsogolera si kukoka. Wotsogolera wabwino amapereka cizindikiro mofatsa, ndipo amayang'ana ngati mnzake watopa kapena wacita mantha. Amaphunzira kumasula dzanja nyimbo ikatha, osaganiza kuti popeza mtsikana wavina naye ndiye kuti wamulonjeza kanthu. Mtsikana nayenso amaphunzira kuti ali ndi ufulu wokana, wokankhira kumbuyo dzanja limene latsika, ndi wosiya gule pakati ngati wina wamucitira mwano. Taganizirani za misozi imene ili m'mabanja ndi m'zibwenzi cifukwa ca amuna amene sanaphunzire zinthu zinai zimenezi. Kodi tinganene kuti maphunziro otere alibe phindu?

Koma dzanja lomwelo likhoza kunama. Munthu akhoza kulowa m'kalasi ndi pakamwa pakuti "ndabwera kulimbitsa thupi," pamene mtima ukufuna mpata wogwira amene sakanamugwira kwina. Mtsikana akhoza kuvina ndi colinga cakuti akolezere moto mwa mnyamata ndi kumuseka pambuyo pake. Oonerera sangathe kusiyanitsa, pakuti mapazi akuponda 1, 2, 3 mofanana. Mphunzitsi sadziwa, abusa sadziwa. Adziwa ndi mwini wake, pakuti pa gule fumbi ndiwe mwini. Ndiye cifukwa cake lamulo lolembedwa pa khomo la chalichi silingathetse nkhaniyi. Yesu pa Mateyu 5 anaika ciyambi ca cigololo m'kayang'anidwe ndi mu mtima, munthu asanakhudze n'komwe. Wa mtima wotere amacimwa ngakhale atakhala pa benchi la kwaya, mikono ili yopinda.

Cotero dzifunseni popanda kudzinyenga. Kodi mungakondwe kuvina ndi mai wa msinkhu wa amai anu, kapena ndi munthu amene nkhope yake sikukokani, monga momwe mukondwera kuvina ndi uja amene mumamuganizira usiku? Ngati yankho ndi inde, mwakonda gule. Ngati maso anu amangofuna munthu mmodzi, ndipo tsiku limene iye sanabwere kalasi limakhala lozizira, mwakonda munthu, ndipo nkhani yanu ndi ya cibwenzi. Muicite monga nkhani ya cibwenzi, poyera ndi mwa dongosolo lake, osaibisa m'gule.

Malo, nthawi ndi mau a nyimbo

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Gule savinidwa m'malere. Ali ndi malo ake. Kalasi ya masana m'holo yowala, mmene muli mphunzitsi ndi anthu a misinkhu yosiyana, ndi yosiyana ndi bala la pakati pa usiku mmene mowa ukuyenda. Mowa umafooketsa cinthu ceni-ceni cimene gule ameneyu amafuna, ndico kudziletsa. Funsaninso kuti mudzabwerera bwanji kunyumba, ndipo adzakulipirirani galimoto ndani. Atsikana ambiri agwa m'mavuto pa ulendo wobwerera, gule atatha kale. Werengeraninso ndalama. Ngati malipiro a kalasi ndi nsapato zovinira akudya ndalama za sukulu ya mng'ono wanu, cosangalatsa casanduka mbuye wanu.

Mbiri ya salsa yeniyo ili ndi macenjezo. Héctor Lavoe anali ndi mau okoma amene anthu akuwakumbukirabe, koma mankhwala ozunguza bongo anaononga moyo wake, ndipo anamwalira ku New York mu 1993 ali ndi zaka 46 cabe. Nyimbo sizinamuphe, cinamupweteka ndi moyo umene unazinga nyimbozo. Ilinso ndi zitsanzo za mtundu wina. Richie Ray, woliza piyano wochuka, anatembenuka mtima mu 1974, ndipo mnzake woimba naye, Bobby Cruz, anamutsatira patapita miyezi yowerengeka. Sanataye zoimbira zao. Anapitiriza kuimba salsa ya uthenga wacikristu, ngakhale ena mwa owakonda anawasiya, ndipo onse awiri anadzakhala abusa.

Samalaninso mau. Nyimbo zambiri za salsa zili m'Cisipanishi, ndipo n'capafupi kuvinira zimene simukuzimva. Zina zimanena za umphawi ndi cilungamo, monga zambiri za Rubén Blades. Zina, maka-maka za mtundu umene unachuka m'zaka za m'ma 1980, zimanena za kucipinda mosabisa. Zinanso zimachula mizimu ya cipembedzo ca Santería, cimene cinacokera ku milungu ya Ayoruba. Masiku ano kupeza tanthauzo la nyimbo pa intaneti sikutenga nthawi. Musaimbe ndi pakamwa panu cinthu cimene mungacite naco manyazi citamasuliridwa m'Cinyanja.

Nanga mbale wanu?

Akristu oyamba anali ndi mkangano wofanana ndi uwu, pa nkhani ya nyama yoperekedwa kwa mafano. Pa Aroma 14 ndi 1 Akorinto 8 Paulo sanapatse mbali imodzi cipambano conse. Wakudya anamuletsa kupeputsa wosadya, wosadya anamuletsa kuweruza wakudya, ndipo anakumbutsa wolimba kuti ufulu wake usagwetse mbale wofooka.

Tiike zimenezi pa gule wathu. Inu amene simuvina, musafulumire kuchula mlongo wanu kuti wagwa cifukwa mwamuona akuwerenga 1, 2, 3. Simunaone mtima wake. Inu amene muvina, musakokere ku kalasi mnzanu amene cikumbumtima cake cikumuletsa, ndipo musamuche wotsalira. Kwa iye kupita kungakhale kulakwa, pakuti adzakhala akucita cimene mtima wake ukucitsutsa. Alipo ena amene amadziwa kufooka kwao pa nkhani ya cilakolako, mwina anapsapo kale. Kwa otere nzeru ndi ija ya Yosefe pa Genesis 39, amene anasiya covala cake m'manja mwa mkazi wa Potifara nathawa. Kuthawa kotere si mantha. Kwa amene ali pa banja kapena pa ubwenzi wodziwika kwa ankhoswe, mnzanu ali ndi mau pa nkhaniyi. Ngati mtima wake ukuwawa, palibe gule amene mtengo wake uposa mtendere wa m'nyumba.

Palinso muyeso wina wapafupi: kubisa. Ngati mumauza amai kuti mukupita kokonzekera kwaya pamene mukupita ku salsa, mwacimwa musanaponde n'kamodzi komwe, ndipo chimo lake ndi bodza. Cinthu cimene mungathe kuuza makolo, kuitanira mlongo wanu kuti adzaonerere, ndi kufotokozera akulu a mpingo maso ali poyera, kawiri-kawiri cili bwino. Akulu akakana, musayankhe ndi mwano. Afotokozereni, aonetseni rueda, mverani nkhawa zao, ndipo ngati akanabe, dikirani. Mau a akulu akoma akagonera. Ifenso atsogoleri tili ndi mbali yathu. Tikamangoletsa popanda kupereka malo abwino osangalalirako, tisadabwe acinyamata akapita kumene kulibe wowayang'anira.

Yankho lake

Kodi wacinyamata wacikristu angaphunzire salsa? Inde, angathe, ngati apita poyera, pamalo abwino, pa nthawi yabwino, ndi ndalama zimene sizikulanda wina cakudya, ndiponso ngati mtima wake umaona munthu amene wamugwira dzanja monga mlongo kapena mbale wolengedwa m'cifanizo ca Mulungu. Kodi aliyense ayenera kuphunzira? Iai. Amene waona kuti dzanja lake kapena maso ake samumvera, aleke, ndipo asacite manyazi kunena cifukwa cake. Kuwerenga kufika pa 8 mudzakudziwa m'milungu yocepa. Kugwira munthu mwaulemu ndi kumumasula ali wamtendere ndi phunziro limene mudzalifuna moyo wanu wonse, kaya muvina kaya simuvina.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi ndi magule ati amene mpingo wanu umalola pa maukwati, ndipo amasiyana bwanji ndi salsa?
2. Kodi mnyamata ayenera kucita ciani mtsikana akamukana, pa gule kapena pa nkhani ina iliyonse? Atsikana ayambe ndiwo kuyankha.
3. Kodi ndi zosangalatsa ziti zimene mumacita koma simungathe kuuza makolo anu? N'cifukwa ciani?
4. Werengani Aroma 14 yonse. Kodi pa gulu lanu wolimba ndani ndipo wofooka ndani pa nkhani ya kuvina, ndipo aliyense ali ndi mangawa otani kwa mnzake?